Mbaula ya Mapeleti Ikafooka Moto

Anthu a m'boma la Chadiza adziwa bwino mitundu iwiri ya moto wophikira. Ku midzi, kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, amai aphika pa mafuwa atatu ndi nkhuni zotola ku thengo. Pa boma peni peni, ndi m'nyumba za aphunzitsi ndi za anchito a pa cipatala, ambiri aphika pa mbaula ya makala. Koma m'Zambia mwafika mtundu wacitatu, ndiwo mbaula yoyaka ndi timibulu ta utuci, timene ogulitsa atichula mapeleti. Kampani ya Emerging Cooking Solutions, imene inayamba nchito m'dziko lino m'caka ca 2012, inafalitsa mbaula zotere makamaka ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo mapeleti ace anadziwika ndi dzina lakuti SupaMoto. Mwana wa ku Chadiza amene apita kukaceza kwa amalume ace ku Lusaka angaipeze m'khichini, ndipo wacibale wobwera kumudzi pa Khrisimasi angafike nayo m'katundu wace.

Mbaula iyi ikakhala bwino iphika msanga, siicita utsi wambiri, ndipo miphika siida kwambiri kunsi. Koma ikatumikira miyezi ingapo, eni ace ena ayamba kudandaula kuti moto wafooka. Madzi a nsima amene kale anali kuwira mwana asanabwere kucokera ku citsime, tsopano angolira m'mphika osawira. Malawi afiira, ayaka mwaulesi, ndipo utsi uyamba kulowa m'maso. Pamenepo ambiri angoti, "Yatha basi," naikankhira kuseri kwa citseko, nabwerera ku makala. Potero ataya ndalama zimene anagulira mbaula, ndipo atayanso mitengo, pakuti kilogalamu imodzi ya makala oocha m'mulu wofotsera ndi dothi idya makilogalamu a nkhuni 5 kufikira 10. Mombo ndi mtondo zimene zipsa motero ndizo zomwe zipatsa anthu bowa, uci ndi mphalabungu. Comvetsa cisoni ndi cakuti kawiri kawiri mbaula yotayidwayo iribe cothyoka ciri conse. Yangotsekeka njira ya mpweya, kapena aipatsa cakudya conyowa.

Cimene ciyaka ndi utsi

Munthu sangathe kuciza nthenda imene saidziwa. Cifukwa cace wophika ayenera kuyamba wadziwa mayakidwe a mbaula yace. Mtengo uli wonse ukatenthedwa utulutsa utsi, ndipo utsi umenewo utha kuyaka. Pa mafuwa utsi wambiri uthawa usanapse, nukwera kukadetsa denga ndi mwaye. Mwana wokayika ayese yekha motere, mphunzitsi ali pomwepo: ayatse kandulo, aisiye iyake kanthawi, aizime ndi mpweya wa pakamwa, ndipo msanga msanga afikitse machesi oyaka pa utsi woyera uja, pamwamba pang'ono pa cingwe ca kandulo. Lawi lidzatsika ndi utsi nilidzayatsanso kandulo, machesi osakhudza cingwe.

Nzeru ya kumanga mbaula yoyatsira pamwamba ndi kuocha utsi wace womwe anaipeza Thomas Reed wa ku America m'caka ca 1985. Paal Wendelbo wa ku Norway anaipezanso pa yekha, ndipo mbaula yace, yochedwa Peko Pe, inagwira nchito ku Uganda. Mbaula za mapeleti za masiku ano ndizo zidzukulu za zimenezo.

M'kati mwa mbaula muli cikho ca citsulo cothiramo mapeleti. Cikhoco ciri ndi timabowo pansi, ndi mzere wina wa timabowo pafupi ndi mlomo. Kunsi kwa mbaula kuli cokupiza mphepo, cimene anthu angoti fani. Ici ciyenda ndi batire, ndipo batire lilandira mphamvu ku galasi la sola kapena ku magetsi a m'nyumba. Mbaula yochedwa Mimi Moto, imene anaikonza anthu a ku Netherlands, iri ndi zikho ziwiri zocotseka, cacikulu ca moto waukali ndi cacing'ono ca moto wofatsa. Wophika adzaza cikho nayatsa pamwamba. Mpweya wocepa ulowa pa timabowo ta pansi, nukwera pakati pa mapeleti, ndipo moto utsika pang'ono pang'ono kuutsata. Mapeleti otenthedwa atulutsa utsi. Utsiwo ukafika pa mlomo wa cikho ukomana ndi mpweya wambiri wocokera pa timabowo ta pamwamba, ndipo pomwepo uyaka ndi malawi aukali, pansi peni peni pa mphika.

Tsono fani ndiyo mvukuto wa mbaula. Makolo a Acewa anali odziwa moto wotere. Antonio Gamitto, msilikali wa Cipwitikizi amene anayenda kucokera ku Tete kunka kwa Kazembe m'caka ca 1831, analemba za luso la Amaravi la kusungunula citsulo ndi kusula makasu. Wosula akaona kuti moto wace wafooka sathamangira kugumula ng'anjo. Ayamba waona ngati makala anyowa, ngati mphuno ya mvukuto yatsekeka, kapena ngati cikopa caboola. Mwini mbaula ya mapeleti acite cimodzimodzi, kuyambira pa zinthu zosalira ndalama, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapeleti

Mapeleti apangidwa ndi utuci wa mitengo ya paini ndi bulugamu wotsala pa maceka a matabwa ku Copperbelt. Utuciwo auumitsa, naukanikiza ndi makina amphamvu kupyola m'timabowo ta citsulo. Kutentha kwa kukanikizako kusungunula utomoni wa mtengo womwewo, ndipo utomoniwo ndiwo umata utuci pamodzi. Peleti limodzi kunenepa kwace ndi mamilimita 6, pafupifupi monga pensulo. Mtengo wauwisi theka lace ndi madzi. Koma m'mapeleti abwino madzi sakwana gawo limodzi la magawo khumi. Kuuma kumeneku ndiko mphamvu yao yonse.

Mapeleti akopa cinyezi monga mcere. Akanyowa, moto uyamba wataya mphamvu yace pa kuumitsa madzi, ndipo yotsala ya ku mphika icepa. Kuwazindikira sikubvuta. Peleti labwino liri losalala, lonyezimira pang'ono, ndipo polithyola lilira kuti thyo. Lonyowa lituwa, litupa, licita ming'alu, ndipo polifinya ndi zala lifumbutuka. Limene latupa silibwereranso mwakale ngakhale aliyanike masiku atatu. Lingathandize pa mafuwa, koma m'cikho lingotseka mpweya. M'dzinja, kuyambira Novembala kufikira Malici, thumba lisakhale pansi pa dothi kapena pa simenti, ndipo lisatsamire cipupa. Liikidwe pa thabwa losanjika pa njerwa, pamalo posadontha, ndipo kukamwa kwace kumangidwe nthawi zonse akatha kutapamo. Cidebe cokhala ndi cibvundikiro cothina ciposa thumba.

Mdani waciwiri ndiye pfumbi la mapeleti omwewo. Thumba lofika ku Chadiza kucokera ku Copperbelt layenda makilomita oposa 800, kudzera ku Lusaka, kuoloka mlatho wa Luangwa, kupyola Nyimba ndi Katete, likugwedezeka pansi pa katundu wa anthu ena. Mapeleti a kunsi aphwanyika nasanduka utuci. Utuci umenewu ukalowa m'cikho ukhala m'mipata monga matope m'ngalande, ndipo mpweya wa pansi ulephera kukwera. Nthenda iyi ipusitsa anthu ambiri, cifukwa thumba likakhala latsopano mbaula iyaka bwino, koma likayandikira kutha moto ufooka, ndipo mwini aganiza kuti mbaula yakalamba. Mankhwala ace ali m'nyumba iri yonse ya ku Chadiza: licero ndi sefa. Mtsikana wodziwa kupeta mphale atha kupeta mapeleti.

Pali anthu amene afuna kusunga ndalama nasakaniza mapeleti ndi makoko a nshawa kapena zitsononkho za cimanga. Zimenezi ziyaka ndithu, koma ziri zopepuka, zitha msanga, ndipo zisiya phulusa lambiri. Coipa coposa ndi dothi ndi mcenga zimene zibwera nazo kucokera pabwalo. Mcenga ukapsa pamodzi ndi phulusa pa moto waukali uumbika nukhala cimwala colimba cimene cimata pansi pa cikho.

Kathiridwe ndi kayatsidwe

Mapeleti asapitirire mzere wa timabowo ta pamwamba; alekezere cala cimodzi kapena ziwiri kunsi kwace. Wodzaza cikho mpaka pa mlomo, poganiza kuti moto udzacuruka, watseka pakamwa pa mbaula ndi dzanja lace lomwe. Asawatsendere ndi mthiko, angogwedeza cikho kuti akhale molingana. Poyatsa, moto ugwire pamwamba ponse, osati mbali imodzi yokha. Timitengo touma kapena mapeleti ocepa onyika m'palafini akwanira. Petulo ndi mapepala a pulasitiki siziyenera konse. Fani iyambe pang'ono, ndipo moto ukagwira ndi pamene aionjeza. Mphepo yocuruka pa moto wakhanda iuzima, monga mwana wopemerera mwamphamvu pa khala limodzi.

Cizolowezi ca pa mafuwa ndico kusonkhezera nkhuni moto uli kuyaka. Pa mbaula iyi cizolowezi cimeneci cibvuta. Mapeleti ambiri othira pamwamba pa moto aufotsera, ndipo nyumba idzaza utsi. Wophika wanzeru ayamba waganiza za cimene aphika: tiyi ndi phala zifuna mapeleti ocepa, nyemba zifuna cikho codzaza.

Phulusa ndi timabowo

Apa ndipo pagona bvuto la mbaula zambiri. Mapeleti abwino asiya phulusa locepa, kotero kuti mwini aiwala kuti liripo. Koma locepa la lero ndi locepa la mawa likomana m'timabowo, ndipo bowo limene linali kulowa njere ya mapira liyamba kukana ndi singano yomwe. Timabowo ta pansi tikatsekeka, moto utsika mocedwa ndipo malawi afupika. Ta pamwamba tikatsekeka, utsi usowa mpweya woupsereza. Malawi atalika, afiira, agwedezeka uku ndi uku, ndipo mphika uda ndi mwaye. Cotero maonekedwe a malawi auza wophika kumene kuli nthenda, monga mapazi a nyama auza mlenje kumene yalowera. Pa mbaula yamoyo, lawi lioneka likuturuka pa bowo liri lonse kuzungulira mlomo. Pamene pali mpata wopanda lawi, pamenepo pali bowo lotsekeka.

Cikho cikhuthulidwe tsiku ndi tsiku citazirala. Kamodzi pa sabata mwini acitengere pabwalo, aciloze kudzuwa, nayang'ane ngati kuwala kupyola pa bowo liri lonse. Lotsekeka alitsegule ndi kawaya kapena sipoko ya njinga, mosakulitsa bowolo, pakuti amene anapanga mbaula anayesa kukula kwace ndi colinga. Cimwala ca pansi acigogode ndi mtengo, osati ndi nyundo. Kuthira madzi m'cikho cotentha kuti moto uzime msanga ndiko kuononga dala: citsulo cipindika, cicita dzimbiri, ndipo cikho copindika sicikhalanso bwino m'malo mwace, kotero kuti mphepo ya fani ithawira m'mbali osalowa m'timabowo. Phala losefukira nalonso likauma limata timabowo ta pamwamba. Lipalidwe tsiku lomwelo.

Fani, batire ndi sola

Mapeleti akakhala ouma ndi timabowo tiri totseguka, koma moto uli wofookabe, mwini achere khutu ku fani. Aiyatse mbaula iri yozizira, naike dzanja pamwamba pa cikho. Popotokola coonjezera mphamvu, kulira kwa fani kuyenera kukwera ndipo mphepo imveke pa dzanja. Fani ikalira bwino koma mphepo iri yocepa, njira yace yatsekeka. Polowera mphepo pali kunsi kwa mbaula, pafupi ndi dothi, ndipo pakoka pfumbi, nthenga za nkhuku ndi ulusi. Mbaula yokhala nthawi osagwira nchito isanduka nyumba ya akangaude ndi mphemvu, ndipo mabvu aumbamo zisa zao za dothi. Zonsezi zicoka ndi nthenga kapena kaburashi kouma. Mbaula ikhale pamalo olimba ndi osesa. Pa mcenga wofewa miyendo yace imira ndipo polowera mphepo patsekeka.

Fani ikalira mofooka, kapena ikayamba bwino nifooka pakati pa kuphika, mlandu uli ndi batire. Koma batire lopanda mphamvu siliri lakufa nthawi zonse. Kawiri kawiri langogona ndi njala. M'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala pfumbi ndi phulusa la lupsa zikuta galasi la sola, ndipo galasi lakuda lilandira dzuwa locepa. Lipukutidwe ndi kansaru kofewa konyowa. M'Januwale ndi Febuluwale mitambo ikhala masiku angapo, ndipo batire silikhuta. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango pa ngodya ya galasi ucepetsa mphamvu koposa m'mene munthu angaganizire. Popeza Zambia iri kumwera kwa Equator, galasi lipendekere kumpoto, makamaka m'miyezi yozizira. Waya nayenso ayang'anidwe, cifukwa makoswe amtafuna, ndipo ana amsolola kukachajira foni, naiwala kumbwezera. Amene adalira magetsi a m'nyumba anaphunzira m'caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri tsiku ndi tsiku, kuti batire liyenera kudzazidwa nthawi iri yonse magetsi akabwera, osadikira kuti lithe.

Batire likalamba monga cinthu ciri conse. Likayamba kutha msanga ngakhale lakhala pa dzuwa tsiku lonse, likatupa, kapena fani ikangokhala cete, nchito ya mwini yathera pomwepo. Mbaula ipite kwa amene anaigulitsa kapena kwa mmisiri wodziwa. Batire la mtundu uwu likabooledwa kapena kuponyedwa pa moto liyaka mwaukali ndipo libvuta kuzima.

Ku maiko ozizira monga Italy ndi Sweden kuli mbaula zazikuru za mapeleti zofunditsa nyumba, zimene zidzithira zokha mapeleti ndi citsulo cozungulira. Nazonso zikafooka, amisiri a kumeneko ayang'ana zomwezi: cinyezi, pfumbi, phulusa ndi fani.

Pamene mbaula iribe mlandu

Nthawi zina mbaula inamiziridwa. Mphepo ya pabwalo ikankha malawi kuwacotsa pansi pa mphika. Mbaula isunthidwe kuseri kwa cipupa. Mphika wosabvundikira utaya kutentha pamodzi ndi nthunzi. Mwaye wokhuthala kunsi kwa mphika ukhala ngati bulangete pakati pa moto ndi madzi. Mphika waukuru wa pa ukwati, kapena zogwirizira mphika zikapindika, zitsendereza malawi nizitseka poturukira. Ndiponso utsi wonse ukatha m'mapeleti malawi azima okha, ndipo m'cikho mutsala makala ofiira. Kumeneku sikufooka iai, ndiko kutha kwa cakudya. Makalawo akhuthulidwe m'citini cokhala ndi cibvundikiro kuti azime. Mawa adzathandiza m'nsimbi yositira.

Pali cinanso cimene mbaula siingathe kusintha. Dziko la Chadiza liri pamtunda, mamita ngati 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere. Pamalo otere madzi awira pa madigiri ngati 97, osati 100, ndipo akawira sapitirira kutentha ngakhale moto ukule motani. Wophika nyemba amene aonjeza fani madzi atawira kale angotha mapeleti. Coyenera ndico kucepetsa moto, kubvundikira, ndi kuziviika nyembazo usiku.

Mwana wa sukulu angathandize makolo ace ndi wochi ndi kope. Mbaula ikakhala yoyera, awiritse malita 2 a madzi mu mphika wobvundikira, nalembe mphindi zimene apita. Pa kutha kwa mwezi uli wonse abwerezenso ndi mphika womwewo ndi madzi a muyeso womwewo. Mphindi zikayamba kucuruka adziwa kuti nthenda yalowa, amai asanayambe kudandaula.

Moto wofooka upha

Mbaula yofooka siicedwetsa nsima cabe. Moto wosowa mpweya utulutsa mpweya wina woipa, umene a sayansi auchula carbon monoxide. Uwu suoneka, ulibe pfungo, ndipo ucuruka makamaka pamene malawi azima ndi makala okha ali kunyeka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerengera kuti m'caka ca 2020 anthu ngati 3.2 miliyoni anafa ndi nthenda zobwera ndi utsi wa m'nyumba. Mbaula ya mapeleti inapangidwa kuti icepetse tsoka limeneli, koma yotsekeka timabowo ibweza utsi womwewo.

M'Juni ndi Julaye, pamene cisanu cigwira ku Chadiza, anthu akonda kulowetsa moto m'nyumba ndi kutseka zitseko ndi mazenera. Mbaula iri yonse, ya makala kapena ya mapeleti, isagone m'cipinda ca anthu. Pophika, zenera kapena citseko cikhale cotseguka. Munthu akayamba kumva mutu, cizungulire, mseru kapena tulo tosadziwika bwino ali pafupi ndi mbaula, aturutsidwe pabwalo nthawi yomweyo pamodzi ndi onse a m'nyumbamo, kuyambira makanda, zitseko zitsegulidwe, ndipo wodwalayo apite naye ku cipatala ngakhale anene kuti wapeza bwino.

Mafunso

1. Kodi ncifukwa ninji cikho ca mbaula ciri ndi timabowo pansi ndi pamwamba pomwe?
2. Mbaula iyaka bwino thumba liri latsopano, koma ifooka thumba likayandikira kutha. Fotokozani cifukwa cace ndi mankhwala ace.
3. Malawi atalika, afiira, ndipo mphika uda. Kodi ndi timabowo titi timene tatsekeka?
4. Banja lina litha makilogalamu 30 a makala pa mwezi. Ngati kilogalamu imodzi ya makala idya makilogalamu 7 a nkhuni, kodi banjalo litha nkhuni zolemera bwanji pa caka?
5. Funsani agogo kapena wosula wa m'mudzi mwanu za mvukuto, ndipo mujambule cithunzi cace m'kope.